Kabuku ka Galimoto ya Amalume

Amalume anabwerako ku Walale, kutauni kumene ankagwira ntchito, ndi galimoto yakale ya ku Amereka, yosintha yokha magiya. Inali itayenda kwambiri, koma kwathu ku Mlolo kunalibe ina.

Kutatsala masiku awiri kuti inyamule alongo anga kupita ku tchalitchi pa ukwati wawo, amalume anaona kuti mafuta a m'giyabokosi ada bii. Anandipatsa kabuku kachingerezi ka galimotoyo.

"Iwe wasukulu, tawerenga. Tiwasiye kapena titsuke?"

Ndinatembenuza masamba, milomo ikugwedera ngati ndikuwerenga. Mawu amene ndinawazindikira sanakwane khumi. Koma anthu anali atandizungulira, ndipo ndinachita manyazi kunena kuti sindikumva.

"Akuti mutsuke, amalume."

Tinakhetsa mafutawo, tinatsuka ndi parafini, n'kuthira atsopano. Injini inalira bwino, koma galimoto sinasunthe. Makaniko wa ku Fort Jameson anadzatiuza pambuyo pake kuti litsiro lija ndilo linkagwiriza zitsulo zakutha zam'kati.

Alongo anga anapita pa ngolo ya ng'ombe, atafungatira diresi kuopa fumbi. Amalume sanandikalipire. Anangoponya kabuku kaja pamoto, nati, "Azungu amalemba mabodza, mphwanga."

Ine, maso ali pansi, ndinayankha kuti, "Eetu, amalume."