Kyutekisi Wofiira M'munda wa Tiyi

Ndinene lero: kyutekisi uja wopaka zikhadabo mwana wanga sanabe ayi. Ndinamupatsa ndine, ndipo chithunzicho ndinachitsitsa pakhoma ndi manja angawa.

Chithunzicho chinachokera kwa apongozi anga aamuna. Iwo ankaphika kunyumba ya mzungu wa pa esiteti, ndipo mkazi wa mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira. Anachijambula yekha ndi penti atakhala pakhonde: minda ya tiyi yobiriwira, phiri la Mulanje kumbuyo, mitambo ili mbuu. Apongozi anatipatsa pa ukwati wathu, ndipo akabwera kuchokera ku Nkando amayamba achiyang'ana asanakhale pansi.

Ine chinkandiwawa. Munda umenewo ndimaudziwa. Amayi anga anathyolamo tiyi, dengu lili kumsana, mpaka msanawo unapindika. Koma m'chithunzimo munalibe munthu ngakhale mmodzi, ngati tiyi amadzithyola yekha. Ku koleji ndinaonapo buku la zojambula za ku Ulaya, zambiri zinali choncho: mapiri, mitsinje, nkhosa, dziko losesedwa bwino ngati eni ake asamuka.

Tsiku lina ndinauza mwana wanga wamkazi, wa zaka zinayi, kuti agogo ake ankagwira ntchito mmenemo. Anayang'anitsitsa.

"Nanga ali pati, amama? Abisala?"

Ndinangotsitsa chithunzicho, n'kumupatsa kabotolo ka kyutekisi kaja.

Anajambula munthu wofiira pakati pa munda, mutu waukulu, miyendo ngati ndodo, dengu loposa mwini wake.

Mwamuna wanga ataona anagwira mutu. "Mwana ameneyu watilaula! Ababa akaona atiti chiyani? Pukuta ndi sipiriti, iyeyo alawe kamkwapulo."

Ndine wamantha, mwana akangotsokomola ndimathamangira kuchipatala cha Mishoni. Koma apa ndinaima pakati pawo.

"Mwana simumukhudza. Ndipo amayi anga sindiwapukuta. Anawapukuta kale kamodzi."

Zoti kabotolo ndinamupatsa ndine sindinaulule.

Apongozi anabwera Lamulungu, chithunzicho nditachibwezera pakhoma. Anaima nthawi yaitali, kenako anafunsa mwanayo kuti ameneyu ndani. Atamva kuti ndi amayi anga, anati, "Dengu lakula." Anachitsitsa, nachimanga pa njinga, napita nacho osamwa ndi madzi omwe. Chibwerereni sanapondenso pakhomo pano, ndipo mwana akuganiza kuti wawathamangitsa ndi iyeyo.

Mawa ndikupita naye ku Nkando kukanena pamaso pawo kuti ndinali ine. Kupepesa kokha sindikapepesa. Inu amene makolo anu anathyolako tiyi, tandiuzeni, ndinalakwa pati?