Motoka Si Bwato, Atate

Ndinachoka ku Mphuka tsiku limene ukonde wanga unakola kansomba kamodzi, koonda mwakuti kanandipempha ndiwo. Ndinakabweza m'madzi, n'kuuza Atate kuti ndikupita ku Lusaka kukaphunzira umakanika. Anapitiriza kumata phula pa bwato ngati ndalankhula ndi mtengo wa masawu.

Atate amadana ndi bowo. La bwato, la ndowa, la denga, onsewo phula. Akanatha akanamata ndi msewu wa ku Lusaka womwe.

Lusaka inandilandira ndi chisanu choti mawu ankauma pakamwa, umachita kuwamva dzuwa likatuluka. Ku garaji ya Ba Mwansa ndinayamba ndi kutsuka mabawuti, kugona n'kumagona m'motoka za makasitomala. Ndalama inkabwera ngati mlendo wothamangira basi: moni, tsalani bwino. Pa foni ndinkauza Amayi kuti ndanenepa mpaka khomo likundikana. Ndikadula, ndinkakhala pa tayala n'kumalakalaka fungo la matope a Zambezi. Ndikafunsa za Atate, yankho linali limodzi: ali ku bwato. Ndinati basi, mdala anandifufuta.

Ndiye mlongo wanga Tereza anaimba akulira. Ukwati wake unali pafupi, ndipo motoka yakale ya Atate, imene anagula ndisanabadwe, ndiyo inayenera kumunyamula kupita ku tchalitchi ku Katondwe. Manje ukangomasula kilachi pa giya wani, inkanjenjemera ngati yadwala malungo. Akuchimuna anali atayamba kale kuseka, akuti abweretsa njinga ya mkwatibwi. Tereza analumbira kuti akapanda kukwera motoka ya atate ake, ukwati kulibe.

Ndinafika, ndinailiza, ndinamasula kilachi. Mano anga anasinthana malo. Ndinayang'ana marabala ogwira injini, onse bwino. Ndinalowa pansi kufuna kabowo kamene kamakhala kunsi kwa chigoba cha kilachi. Kulibe. Chimene ndinapeza ndi chigamba chakuda, chosalala, ntchito ya katswiri.

"Atate, kabowo ka apa kanapita kuti?"

"Kankadontha oyilo. Ndinakachiritsa."

"Motoka si bwato, Atate. Bowo la bwato limalowetsa, ili limatulutsa."

"Iwe, bowo ndi bowo."

Ndinabaya ndi msomali. Oyilo amene anandithira kumaso akanayandamitsa mvuu ziwiri. Ndinawafotokozera kuti rabala yotseka oyilo kumbuyo kwa injini inatha, oyilo n'kusowa potulukira, n'kunyowetsa mbale ya kilachi. Ndiye mbale inkati kugwira, kuterera, kugwira, kuterera. Malungo ake anali amenewo.

Giyabokosi tinaitsitsa ndi zingwe za bwato, asodzi akuimba ngati akukoka ukonde. Ba Mwansa anatumiza rabala ndi mbale yatsopano pa basi. Ine ndinapala chitsulo chimene mbale imagwirapo mpaka Tereza anadziyang'anirapo tsitsi. Atate anangokhala pambali, chitini cha phula pamwendo, chikuwayabwa m'manja.

Tsiku la ukwati motoka inanyamuka ngati bwato pa madzi ogona. Tinadutsa amalume a mkwati akupalasa njinga yawo yoseka nayo ija, ndipo ndinawalizira hutala mwaulemu waukulu.

Mawa lake ndinatsikira ku dooko kukasamba oyilo wotsala m'makutu. Pansi pa mtengo panali bwato langa, limene ndinalisiya likuwola, likunyezimira phula latsopano. Amayi, amene anali kuchapa pafupi, anati ndikamaimba foni Atate ankathawira kumeneko, kuopa kuti mawu angawanjenjemere. Ali ku bwato: bwato lake linali langa.

Atate anandipeza ndikulisisita.

"Kabowo kako ka motoka ndakasiya," anatero. "Zotuluka zizituluka. Koma ili silidontha. Ukatopa ndi chisanu, lilipo."

Ndinafuna kuyankha ndi nthabwala. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, kilachi ya pakamwa panga inakana.