Chithunzi Chimene Sichinapse

Mwana wanga wamkazi, amene amaphunzitsa sukulu ku Katete, anafika kumudzi kuno, kuseri kwa Sinda, Loweruka lina m'nyengo ya fumbi. Asanamwe n'komwe madzi anati, "Atate, chiliza cha amayi chatsala pang'ono kutha. Wosema uja wasiya malo a chithunzi."

Ndinamuyankha kuti akudziwa kale, chithunzi cha amayi ake chinapsa.

"Ndikudziwa. Koma inu simutaya negetivu, zonse zili m'chitini chanu chija. Masiku ano ngakhale yakupsa amaidzutsa. Timangoijambula ndi foni, nkhope n'kutuluka. Chofunika ndi sitandi basi, kuti foni isamanjenjemere. Lolemba mubwere, mudzandisankhire. Inu ndinu mwini ntchito."

Ndinavomera, ndikuyang'ana nkhuku zimene zinkapalasa pankhokwe.

Kale ndinali wojambula wa midzi ya kuno. Kamera yanga inali yaing'ono, yakuda, yodya mabatire awiri ang'onoang'ono. Ukadina inkati tcha, kenako n'kulira ngati nyenje pokoka filimu. Mabatire akafooka, kagetsi kofiira kankaphethira pafupi ndi pamene umaika diso. Malemba a pa kamerayo sindinkawadziwa, chifukwa kuwerenga ndaphunzira imvi zitamera kale, pasukulu ya akuluakulu kutchalitchi. Koma kagetsi ako ndinkakamva bwino kuposa munthu wolankhula.

Sitandi ndinapanga ndekha, ya nsungwi zitatu, kathabwa pamwamba ndi bawuti yochotsa ku njinga. Sikuti manja anga ankanjenjemera nthawi imeneyo. Ndinaona kuti anthu akaona miyendo itatu itaima pabwalo ankakonza makolala, ana ankakhala chete, ndipo ngakhale akuluakulu ankandipatsa mpando. Filimu ikadzadza ndinkapita nayo ku Chipata kukatsukitsa. Zina zinkabwera zakuda bii kapena zoyera mbee, ndipo tinkati zapsa. Mawu amenewa aliyense ankawadziwa, ndipo panalibe wotsutsa. Chithunzi chikapsa chapsa, monga mvula ikakana.

Ndinajambula maukwati, makwaya, alimi atakhala pa mabelo a thonje, mwamuna wina ndi ng'ombe yake. Mkazi wanga yekha sindinamujambulepo. Ankati akandikumbutsa ndinkati, uli pakhomo pompano, udikire filimu ina. Iye ankaseka n'kunena kuti mmisiri wa mipando amakhala pansi.

Kwawo kunali ku Vubwi, kufupi ndi malire. Ndinamutenga kubwera naye kuno abale ake asakufuna, makamaka mchimwene wake wamkulu, amene ankanditcha mkamwini wa kabokosi. Ankati mwamuna amene munda wake wa thonje uli ndi udzu wofika m'chiuno sangasunge mlongo wake. Za udzuwo sankanama.

Mwana wathu ali ndi zaka zitatu, mkazi wanga anayamba chifuwa chosamva mankhwala. Anaonda mpaka chibangili chinkafika pachigongono. Alamu anga aja anatumiza uthenga kuti abwera Lamlungu kudzamutenga, akadwalire kwawo. Lachisanu mkazi wanga anandiuza kuti asanapite akufuna chithunzi, iye ndi mwana. Ndinati zimenezo n'zosavuta.

Loweruka kunali mpira pa wailesi. Mnzanga wina anali ndi kawailesi ka m'thumba kopanda mabatire, ndipo ine ndinachotsa a m'kamera n'kumupatsa. Tinakhala pansi pa mtengo pamene pankagulitsidwa mowa, mpira unatha, kunabwera nyimbo, wailesiyo inalirabe mpaka mawu ake anayamba kumveka ngati a munthu wa m'chitsime. M'mawa mwake ndinawayanika mabatirewo pamwala padzuwa, ndinawaluma ndi mano, ndinawapekesa m'manja, monga tinkachitira tonse. Ndinawabwezera mu kamera osayesa. Ndinkaopa kumaliza kamoto kotsalako.

Alamu anga anafika, ndipo ngolo yokawatula kumsewu inali itaima kale, ng'ombe zili m'goli. Mkazi wanga anatuluka atavala chitenje cha masamba obiriwira ndi duku yoyera, atadzola mafuta. Anakhala pa mpando pansi pa mango, mwana pamiyendo. Ndinaimika sitandi yanga, ndinaika diso.

"Abambo ake mwana, mujambule bwino," anatero. "Uyu adzadziwe kuti anali ndi mayi."

Kagetsi kofiira kanaphethira kawiri n'kuzima. Ndinadina. Palibe chinalira. Ndinadinanso mwamphamvu, zii.

Alamu anga anali ataima pafupi ndi ngolo, manja kumbuyo. "Alamu, kabokosi kanuko kali moyo? Ngati ndi mabatire nenani. Sitolo si ku Lusaka, ng'ombe zingathe kudikira."

Sitolo inali pamtunda wa ola limodzi pa njinga, kupita ndi kubwera. Njinga inali itatsamira khoma, ndinkaiona. Koma pabwalo panali anthu, ndipo ena mwa iwo anali nane pansi pa mtengo uja dzulo lake. Ndinatsokomola mokweza, ndikudinanso, kuti chifuwa changa chikwirire kusalira kwa kamera.

"Yatheka," ndinatero. "Yatuluka bwino kwambiri."

Mkazi wanga anati zikomo. Anamukweza pangolo, ndipo patapita masabata atatu anamwalira. Anaikidwa kwawo, ndipo mwana anatsala komweko m'manja mwa amalume ake, monga mwa mwambo. Pamaliro abale ake atandifunsa za chithunzi ndinati filimu sinadzadze. Chaka chotsatira ndinati chinapsa. Mwanayo atakula n'kuyamba kundiyendera ndinamuuzanso chomwecho, ndipo ndinawonjezera kuti otsuka a ku Chipata anali osasamala.

Lolemba lija ndinakwera minibasi kupita ku Katete. Mwana wanga ananditengera ku kasitolo ka mafoni pafupi ndi msika. Mwini wake anali bambo wa mimba yaikulu, magalasi ali pamphumi.

"Madala, mufuna tiraipodi ya bwanji? Iyi ni ya atsikana, amavinira pa foni. Kapena na imwe mufuna kuvina?"

"Atate angawa anali kameramani inu musanabadwe," anatero mwana wanga. "Atulutsireni zonse."

"Aa, sole bwana. Ndiye tengani iyi, ni orijino, yopepuka monga pepala."

Ndinaitambasula, ndinaika dzanja pamwamba n'kukankha pang'ono. Inagwedera ngati mwana wa mbuzi wobadwa kumene. Miyendo yake inali yolumikiza zigawo zinayi, chomalizira chowonda ngati udzu wofolera. Ndinamuuza kuti imeneyi mphepo ya mwezi uno ingapite nayo ku Mozambique pamodzi ndi foni. Yachiwiri inali yolimba, koma mutu wake sunkagwira; ukamanga, unkawerama wokha pang'onopang'ono. Yachitatu inali pansi pa shelefu, yafumbi, yolemera, ya zigawo zitatu, zomangira zake zachitsulo. Pakati pake panali kangowe kokolekapo thumba la mwala kuti isasunthe. Ndinaitsamira ndi thupi lonse, sinanene kanthu.

"Iyi," ndinatero.

"Madala adziwa zinthu," anatero wa sitolo. "Iyo anthu amaikana ati ni yolema. Mami, tengelaninso pawa banki, foni ingakuthereni moto pakati pa nchito. Kulibe chinthu choipa monga icho."

"Zoona," anatero mwana wanga. "Eti atate?"

Ndinati zoona. Anandigwira dzanja potuluka, akuseka, akunena kuti wa sitoloyo ndamuphunzitsa ntchito. M'moyo wanga wonse sindinasankhepo chida mosamala chotero, ndipo ndinkadziwa kuti palibe chimene chidzajambulidwe nacho.

Loweruka lotsatira anabwera ndi zonse. Tinatulutsa chitini pansi pa bedi. Anamata pepala loyera pa galasi la zenera kuti dzuwa lilowe mofewa, anaimika sitandi, anamangapo foni. Ine ntchito yanga inali kugwira negetivu pa pepalalo, mzere umodzi umodzi. Pa negetivu anthu amaoneka ngati mizukwa, nkhope zoyera, mano akuda. Koma iye akadina penapake, foni inkatembenuza, ndipo munthu ankatuluka monga analili. Ndinaona anthu a m'midzi ino amene tinawaika kalekale, ataima pafupi ndi njinga zawo.

Aliyense wamkazi wonyamula mwana akatuluka, mwana wanga ankafunsa, "Si awa?"

"Ayi, awo ndi a kwaya."

"Nanga awa?"

"Ayi."

Zakupsa ankaziika pambali, pa mbale, ngati mazira. Ankazijambula kawiri katatu, akuwonjezera kuwala, nkhope yake ili pafupi ndi foni. Pa ina munatuluka mthunzi wa mtengo ndi chinthu ngati phewa la munthu. Mwana wanga anandiyang'ana. Ine ndinkaidziwa, inali ya ukwati wina wa ku Nyanje. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, tinasamukira ku zenera lina. Ndinatsitsa negetivu pagalasi n'kuiika pansi.

"Mwatopa, atate. Tipume."

"Sindinatope. Khala pansi, mama."

Ndinamuuza zonse, kuyambira pa wailesi. Ndinamuuza za njinga yotsamira khoma, ndi mawu a amalume ake, ndi kutsokomola kuja. Sindinachepetse kalikonse. Ndikulankhula ndinkayang'ana miyendo ya sitandi pamene inaponda simenti.

Nditamaliza, anatenga mbale ya negetivu zakupsa zija n'kuzibwezera m'chitini, imodzi imodzi.

"Ndiye munandisiya ndigule sitandi."

"Inde."

"Tsiku lonseli ndikufunsa kuti si awa, si awa."

"Inde, mama."

"Ndili mwana ndinkatukwana anthu a ku Chipata mumtima. Ndikadutsa pa situdiyo iliyonse ndinkati mwina ndi pano." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Chabwino. Inu munaika diso pa kamera. Munawaona komaliza atavala bwino. Ndiuzeni. Ankamwetulira?"

Ndinatsegula pakamwa. Chitenje cha masamba obiriwira ndinachiona, duku yoyera, mapazi a mwana akulendewera, ngakhale nsapato za alamu anga zokhala ndi chigamba chakumanzere. Koma pamene panayenera kukhala nkhope panalibe kanthu. Tsiku lija sindinamuyang'ane. Diso langa linali pa kagetsi kofiira.

Ndikanatha kunena kuti inde, ankamwetulira. Anali mawu amodzi okha, ndipo akanapita nawo ku Katete n'kumagona nawo bwino.

"Sindikudziwa," ndinatero. "Sindinayang'ane."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaimirira, ananyamula sitandi osaipinda, n'kutuluka nayo panja. Ndinaganiza kuti akupita. Koma ndinamumva akukoka mpando, ndipo anandiitana ndi mawu amene ndikuganiza kuti amaitanira ana a sukulu.

Mango uja ulipobe, wakula mpaka nthambi zina zagona padenga. Anaika mpando pansi pake. Anatola mwala, anaukulunga m'kathumba, anakoleka pa kangowe kaja monga ndinamuonetsera m'sitolo.

"Khalani apo."

"Ndivale jekete?"

"Khalani momwemo."

Ndinakhala. Sanandiuze kuti ndimwetulire. Anadina, anachotsa foni, anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, anachikulitsa ndi zala. Anabwezera foni n'kudinanso, n'kuyang'ananso.

"Chatuluka," anatero. "Ana anga asadzavutike kufunafuna."

Sanandionetse, ndipo ine sindinapemphe. Anapinda sitandi, anakana chakudya, anati akufuna kupeza minibasi dzuwa lisanalowe.

Chiliza tinakachivundukula ku Vubwi mvula isanayambe. Ndinapita ndekha, kudzera ku Chadiza, fumbi lili m'kamwa. Alamu anga ali moyo, akuyenda ndi ndodo ziwiri, maso achita ng'ala. Atamva mawu anga anati, "Mkamwini wa kabokosi wafika," koma ananena mofatsa, ndipo anandisunthira malo pa benchi. Sindikudziwa ngati mwana wanga anawauza, kapena ngati iwo ankadziwa kuyambira tsiku lija pamene kamera sinalire. Sindinafunse.

Atachotsa nsalu ndinawerenga ndekha dzina la mkazi wanga, chilembo chimodzi chimodzi. Pamwamba pa dzinalo pali malo ozungulira ngati dzira, osalala, amene wosema anasiya. Ena anati adzazemo duwa kapena mtanda, koma mwana wanga anakana, anati pakhale choncho.

Amandiimbirabe foni kumapeto kwa mwezi. Amafunsa za miyendo yanga ndi za mbewu, ine n'kuyankha. Za amayi ake sanandifunsenso.