Sinowo wa Adadi

Fungo la mankhwala othamangitsira njenjete limandibwezabe ku Karama, mumzinda wa Dubai, m'kafulati kathu ka pamwamba pa lesitilanti ya amwenye. Linkachokera m'majekete atatu amene amami anagula pa kaunjika chaka chimene ndinali mu giredi 4. Anali majekete onenepa ngati mapilo, ndipo anapachikidwa kuseri kwa chitseko kunja kukadali kotentha. Fungo lawo linkalimbana ndi la anyezi wokazinga ndi chapati lochokera pansi, koma linkapambana ndithu. Mlendo aliyense ankayamba wayetsemula kenako n'kupereka moni.

Majeketewo anabwera chifukwa cha funso langa. Kusukulu anzanga ankangokamba za kumene adzapite pa holide ya Disembala, uyu ku Switzerland, uyo ku Austria, kukatsetsereka pa sinowo. Ine ndinafika kunyumba n'kufunsa adadi ngati sinowo amaluma zala ngati ayisi wa m'firiji. Adadi anali akauntanti, munthu wosalonjeza zinthu mwachisawawa. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Tadala, chaka chino ukamukhudza ndi manja ako." Amami anasiya kusenda mbatata n'kuwayang'anitsitsa, koma mawu anali atatuluka kale. Chibadwire changa adadi anali asanaphwanyepo lonjezo, ndiye ine ndinangoona kuti nkhani yatha.

Kuyambira pamenepo, tikangomaliza chakudya chamadzulo adadi ankatsegula laputopu patebulo, ife n'kuwazungulira. Abale inu, mapiri! Oyera mbee, kuyambira kumunsi mpaka kumene akugunda mitambo. Mitengo itaweramitsidwa ndi sinowo, nyumba zamatabwa zitavala zipewa zoyera, anthu atakhala pa mipando yolendewera pa waya, miyendo ili lende m'mwamba. Ndinkangoti kukamwa yasaa. Sindinkamvetsa kuti Mulungu amene anapanga mchenga wotentha wa ku Dubai ndi yemweyo amene anapanga zimenezi.

Adadi iwo sankachedwa pa zithunzi. Ankatsikira m'munsi pamene pali mtengo, ndipo akaliza kamluzu ndinkadziwa kuti phiri limenelo latsanzika. Switzerland anapita ndi kamluzu katalikatali. Austria naye sanachedwe, poti pasipoti yathu ya ku Malawi inkafunika viza ya mapepala ambirimbiri. Ankafufuza zonse: kaya hotela ili pafupi ndi potsetserekera, kaya nsapato ndi timatabwa totsetserekera amabwereketsa pomwepo, kaya m'chipinda muli pophikira. Za pophikirazo anali amami, amene ananenetsa kuti sangalipire munthu wowawiritsira dzira iwo manja ali nawo.

Amene anatipulumutsa ndi Anti Mwansa, mayi wa ku Zambia wogwira ntchito m'ndege, amene ankabwera kudzalukitsa tsitsi kwa amami. Anamva nkhaniyo mutu uli pamiyendo ya amami, ndipo anaseka. "Imwe, muvutikila chani? Yendani ku Georgia chabe. Ngati muli na viza ya kuno mungena mahala, na vinthu ni vochipa. Khalas, nkhani yasila!" Madzulo amenewo adadi anayang'ana mapiri a ku Georgia mpaka m'munsi mwa tsamba, ndipo kamluzu sikanamveke. Ine mtima unangoti myaa.

Tsopano panatsala kuphunzira. Lachisanu lililonse, lomwe kumeneko linali tsiku lopuma, tikaweruka kutchalitchi tinkakwera sitima ya Metro kupita ku Al Barsha, kumolo yaikulu ya masitolo imene mkati mwake anamangamo phiri la sinowo wopanga ndi makina. Kulowamo n'kolipira, koma kuonerera pagalasi n'kwaulere. Ine ndinkakanikiza mphuno pagalasipo, adadi ali pambali panga, manja kumbuyo, akuona mmene anthu akupindira mawondo. Tikafika kunyumba ankavula nsapato n'kuyeserera pa matailosi a kukhitchini atavala sokosi, mipini iwiri ya tsache ili m'manja. Amami ankaseka mpaka misozi, nawachenjeza kuti akathyoka chiuno asawaitane.

Disembala atalowa, m'mawa kunayamba kuchita nkhungu ndipo alonda a m'misika anavala zipewa zaubweya. Koma m'nyumba mwathu zinthu zinasintha. Adadi anasiya kuvala tayi, laputopu sinatsegulidwenso patebulo, ndipo pakona panayamba kuunjikana makatoni. Kampani imene ankagwirako ntchito inali itatsekedwa. Ku Dubai ntchito ikatha viza nayo imatha, ndipo viza ya amami ndi yanga zinali pamsana pa ya adadi. Ndi viza yomweyo imene ikanatilowetsa ku Georgia. Amami anandikhazika pabedi n'kundiuza kuti tikubwerera ku Malawi chaka chisanathe. Ndinalira kwambiri, ndipo sindinalirire sukulu kapena anzanga ayi.

"Nanga sinowo?" ndinafunsa adadi, amene anali ataima pakhomo.

"Ndinati chaka chino," iwo anatero. "Kodi chatha?"

Lachisanu lotsatira tinakweranso Metro, koma titafika kumolo kuja sitinakhotere kugalasi. Adadi anatitsogolera kukhomo lolowera, nagula matikiti awiri, n'kupatsa amami. "Ine chifuwa changachi sichigwirizana ndi chisanu," anatero. "Yalla, lowani, mundipeza pabenchipa."

Chitseko chitatseguka, chisanu chinandimenya mbama. M'mphuno munawawa, mpweya wanga unasanduka utsi, ndipo pansi pa nsapato panali kulira kuti kwichi, kwichi. Phokoso lonse la molo linatsala kunja. Ndinavula golovesi n'kugwira pansi. Sanali wolimba ngati ayisi wa m'firiji. Anali wofewa ngati ufa, koma ndikamufinya ankagwirana, ndipo ankaluma zala mpaka kufiira. Amami, mayi wa chigwirizano wolemekezeka, anakhala pa chubu n'kutsetsereka akukuwa kuti, "Mayo ine, Ambuye!" Atafika kumunsi anadzuka, nasasa zovala, n'kukaimanso pamzere. Ine ndinagona chagada pa sinowopo, ndikuyang'ana mipando yolendewera ikudutsa pamwamba panga, ndipo chimwemwe chinandikwana mpaka mantha.

Nthawi yotuluka itakwana ndinakumbukira zimene amami ankatiphunzitsa, kuti munthu wochokera ku ulendo safika kwa otsala chimanjamanja. Ndinalongeza sinowo m'golovesi imodzi mpaka kudzaza, n'kuthamanga nayo osadikira amami. Adadi ndinawapeza pabenchi pomwe paja. Ndinagwada monga timachitira popereka chinthu kwa wamkulu, pakati pa molo, anthu a mikanjo yoyera ndi azungu a makamera akundilambalala, n'kukhuthulira m'manja mwawo.

Analandira ndi manja awiri. Theka linali litasanduka kale madzi. Anayang'ana kamuluko nthawi yaitali, madzi akutsikira m'mikono ya malaya, koma sanasase manja. "Ndiye ameneyu?" anatero motsitsa mawu. Kenako anati, "Zikomo, mayi anga." Anakhala choncho, manja ali tambalale, mpaka kachidutswa komaliza kanasungunuka.

Tsiku limenelo ndinawamvera chisoni chifukwa cha chifuwa chawocho, ndipo ndili m'ndege yobwerera kwathu ndinapemphera kuti achire. Ndinali wamkulu kale pamene amami anandiuza kuti adadi sanadwalepo chifuwa, kungoti m'thumba munali mokwana anthu awiri basi. Pano adadi akukhala ku Zomba, ndipo sanakwerenso ndege. Koma anzawo a pabawo akamakamba za mayiko ozizira, iwo amawongola khosi n'kunena kuti, "Sinowo ine ndinamugwirapo. Anachita kundibweretsera mwana wanga."