Nyimbo Yomwe Ndinasungira Mlamu Wanga

Mtsikana wa ku koleji atafika pakhomo panga kuti akufuna kujambula nyimbo zapamtondo, sindinathamangire kumuyalira mkeka. Ndinamufunsa kaye kwawo. Anali mdzukulu wa mlamu wanga, mchemwali wa malemu amuna anga.

Mlamu ameneyo ndiye anandinamizira chaka china cha njala kuti ndamubera thumba la mpunga ku Lifuwu. Anandiimika pamaso pa amayi a kumpingo, iwo n'kundivula duku loyera. Mpungawo anali atakagulitsa mwamuna wake ku Khombedza n'kumwera kachasu, ndipo mlamuyo ankadziwa. Ndinalibe kokadandaula. Ndinangopeka nyimbo, n'kumaiimba ndekha posinja.

“Agogo, masiku ano n'zigayo zokhazokha, nyimbozi zikutha,” anatero mtsikanayo.

“Ndiye ukaziika kuti?”

“Kusukulu kwathu. Ophunzira azidzamvetsera ngakhale tonsefe titapita.”

“Ngakhale agogo ako atapita?”

“Eya.”

Pamenepo ndinatulutsa mtondo. Nyimbo zimenezi sizituluka pakamwa manja ali chete. Ndinayamba ndi zitatu zosapweteka munthu. Yachinayi ndinaikweza: “Mpunga uli kuti, alamu? Wapita ku Khombedza, wabwera m'botolo.”

Anthu a kafukufuku amakonda kufunsa tanthauzo. Ndinamuuza zonse, mpaka za duku lija. Cholembera chake chinaima.

“Agogo, alamu a m'nyimbomu ndi…”

“Lemba, mwana iwe. Kapena kusukulu kwanu amafuna zabodza?”

Analemba. Koma magazi ndi magazi. Ndinadziwa kuti akhoza kuifufuta asanafike n'kumsewu komwe. Ndinamuuza kuti sachoka mpaka ataiika m'foni yanga, yomwe ndinkangoyankhira akandiimbira. Anandiphunzitsa masana onse podina pake, poliza ndi pojambula pomwe. Ndinalakwitsa kambirimbiri, koma sindinamulole kudzuka mpaka nditailiza ndekha katatu.

Kuyambira pamenepo foniyo ndimapita nayo kumjigo. Ana aakazi a amayi omwe anandiweruza aja ndiwo amandipempha kuti ndiibwereze, kenako amafunsa tanthauzo. Sindiwamana.

Mwezi watha mlamu uja anatuma uthenga kuti ndipite kwawo tikakambirane awiriwiri. Awiriwiri! Pondivula duku panali anthu odzaza tchalitchi. Ndinayankha kuti andipeza Lachinayi, pamsonkhano wa amayi, ndipo alankhule mokweza chifukwa makutu anga anakalamba.

Anabwera, akutsimphina ndi ndodo. Anavomera zonse. Ndinati sindinamve bwino, abwerezenso. Foni inali pamwendo panga, ikujambula.