Nyimbo yotulutsira amayi

Kaseti ija atate anabwera nayo kuchokera ku fakitale, mzungu wina wokonza makina ataisiya pobwerera kwawo. Munali mayi wa ku France woyimba opera, nyimbo za sewero zimene munthu amakoka mawu mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Atate atawerenga kapepala ka m'kati anati mayiyo anayimba m'maholo akuluakulu mpaka ukalamba. Chinenero chake sindinkamva olo liwu limodzi. Koma ndinkamutsanzira tsiku ndi tsiku, pochapa, posesa, mpaka maneba athu ku Nangongwe ankafunsa ngati ndapsa ndi madzi otentha.

Amayi okha ndiwo sankaseka. Iwo anali oyambitsa nyimbo pamaliro. Kwathu mmodzi amayamba, ena onse n'kuvomera, ndipo woyambayo amaika mawu pamene aliyense angafike, ngakhale nkhalamba yopanda mano. Ankandiuza kuti mawu anga ndi okoma koma amayenda okha. Ine ndi matama angawa ndinkangoti sadziwa za kunja.

Zaka zinapita, wailesi inatafuna kaseti, ine n'kukhala wogulitsa nsomba za ku Chanyanya. Khosi lokha silinaiwale.

Amayi akudwala anapempha kuti ndidzayambitse ndine nyimbo yotulutsira bokosi lawo m'nyumba. Tsiku la maliro awo ndinali wotopa zedi, miyendo yatupa ndi kukhala pansi, koma ndinkafuna kuwapatsa chabwino koposa chimene ndinali nacho. Nditatsegula pakamwa, mawu anakwera kumwamba kuja, akunjenjemera monga a mayi wa ku France.

Ndinamaliza mzere wanga n'kudikira. Kunali zii. Mayi wina anayesa kuvomera, mawu n'kumuthera panjira, n'kuyamba kutsokomola. Azibambo onyamula bokosi anangoima pakhomo, manja akuwawa, chifukwa bokosi silituluka popanda nyimbo. Azakhali anandikoka chitenje.

"Tsitsa, mwanawe. Amako akudikira."

Ndinayesa, Mulungu ndi mboni. Koma ndinasowa pamene amayi ankayambira. Moyo wanga wonse ankayimba pafupi nane, ine osatchera khutu, ndipo manyazi amenewo mpaka lero sanandichoke. Mayi wina wa ku Shimabala, amene amayi sankamudziwa n'komwe, ndiye anayambitsa, onse n'kuvomera, bokosi n'kutuluka. Ine ndinatsatira pambuyo, ndikuvomera chapansipansi.