Ndinagoneka apongozi m'khola

Sabata yathayi ndinatsala pang'ono kudzithetsera banja ndi manja angawa.

Apongozi anga aamuna anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzationa kuno ku Dudley, kudziko la Angerezi. Poona kuti atopa ndi kuyang'ana mabasi pawindo ife tili kuntchito, ndinati Loweruka tikagone kumapiri a ku Shropshire, pa famu ina yakale imene masiku ano imalandira alendo n'kumawakweza mahatchi. Malowo ndinasankha ndine.

Kukongola kwake musanene. Zipupa zamiyala zochindikala, timawindo ting'onoting'ono, denga lokhala pa mitanda yakuda bii. Mwini famu, mayi wachizungu, anatitsogolera kuchipinda cha apongozi akunyadira mbiri yake. Akuti makolo ake ankagonekamo ng'ombe nthawi yachisanu. Anachita kutilozera mphete zachitsulo zomangirirapo zingwe, zidakali pakhoma, pafupi ndi bedi.

Kugoneka apongozi m'khola! Nkhani yotereyi ikafika kwa ankhoswe, inu mungaiyambire pati? Amuna anga, ngwazi ija, anakumbukira mwadzidzidzi kuti zikwama zatsala m'galimoto.

"Akuti chiyani mayiwa?" apongozi anandifunsa.

Bodza linafika kukamwa, koma mphete zija zinali poyera. "Akuti kale munkagona ng'ombe muno, bambo."

Apongozi anagogoda chipupa, n'kutuluka panja kukayang'ana kumene khomo laloza.

"Khomo analibisa ku mphepo," anatero pobwerera. "Munthu womangira ng'ombe zake chonchi ndikanakonda kum'gwira chanza. Khola langa lija ku Ntcheu munaligwetsa kuti mumangepo galaja."

Abale, ndinapuma ngati ndatula mtolo wa nkhuni. M'mawa anadzuka akuseka, ati chibwerereni kuno sanagonepo tulo tokoma chotero.

Koma mawu a galaja aja anandilowa. Ifetu tikangopeza kamwayi kunja kuno, ntchito yoyamba kumudzi ndi kugwetsa. Nyumba yamdindo, nkhokwe, khola, zonse pansi, ati zikutichititsa manyazi, tsobola wakale sawawa. Pomwe anzathuwa angosesa khola la makolo awo n'kuikamo bedi, alendo akuchita kulimbirana, ine ndemwe ndili pamzere.

Sindikuti tizigona modontha ayi. Koma ana athu oyankha m'Chingereziwa akadzafika kumudzi n'kufunsa pamene bambo awo anabadwira, tidzawalozera chiyani? Galaja?